Tsitsa Mapewa

Lachiwiri m'mawa a Tulio, amene amayendetsa timu yathu ya bezibo, mpira umene wina amaponya wina n'kumenya ndi ndodo, anandiitanira m'kaofesi kawo n'kutseka chitseko. A Tulio akatseka chitseko ndiye kuti wina akupita kwawo.

"A Varo, woponya wanu uja, Lamulungu ndi lomaliza. Akamenyedwanso ngati dzana, alongedze."

"Wascar? Mkono wake ulibe vuto, bwana."

"Mkono ulibe vuto, miyendo ilibe vuto, koma mipira yake tikukaitola kuseri kwa mpanda. Mphunzitsi wa oponya ndinu. Phunzitsani."

Anatsegula chitseko. Nkhani inathera pomwepo.

Wascar anali ndi zaka 29, mkazi ndi ana awiri. Ku America anali atamuchotsa kale. Ligi yathu ino ya kumapeto kwa chaka inali khomo lake lomaliza. Woponya akaoneka bwino kuno, a ku Mexico kapena a ku Japan amamutenga. Akachotsedwa kuno, chotsala ndi njinga yamoto, kumanyamula amayi ochokera kumsika. Wascar ndinamuphunzitsa ndine kuyambira ali ndi zaka 17. Tsono ndinali ndi masiku asanu oti ndipeze chimene chikumudya, ine amene ndinasewera zaka 16 osapeza chimene chinkandidya ndekha.

Dzina langa ndine Evaristo Quezada. Anthu amati Varo. Ngati simunalimvepo, palibe chimene mwataya.

Ndinabadwira m'minda ya nzimbe kunja kwa San Pedro, m'nyumba za kampani ya shuga. Bambo anga ankadula nzimbe. Ine ndinadula sabata imodzi, n'kudzitema chala cha kuphazi. Bambo anayang'ana chalacho, kenako anayang'ana ine.

"Iwe uzikaponya mpira," anatero. "Kumeneko ukaphonya sutuluka magazi."

Kuponya ndinkatha. Izi ndinene poyera, chifukwa zina zonse zimene zikubwerazi n'zochititsa manyazi. Mpira wanga unkalira popita. Ndili ndi zaka 18 kunabwera munthu wofunafuna osewera, anaima kuseri kwa waya masana awiri, n'kundilembetsa ku timu ya ku America. Ndalama zoyamba ndinagulira mayi anga firiji. Kwathuko kunalibe magetsi. Anasungamo mbale ndi Baibulo mpaka imfa yawo, ndipo ankauza alendo kuti chigulireni simunalowepo nyerere.

Ku America ndinatha zaka zisanu ndi ziwiri m'matimu ang'onoang'ono, m'matauni amene ngakhale eni ake sawatchula. Basi, bwalo, basi. Kumeneko ndinaphunzira kuti liwiro lokha silidyetsa munthu. Womenya akaona mpira wa moto kawiri, kachitatu amaudikira. Pamafunika kambiyo. Mkono umathamanga chimodzimodzi, nkhope chimodzimodzi, koma mpira wauzika m'kati mwa dzanja, ndiye umafika mochedwa, womenya atakhapa kale mphepo ndi ndodo yake. Ntchito yonse ya kambiyo ndi bodza. Womenya akadziwiratu kuti akubwera, ndi mpira umene ngakhale apongozi anu angaumenye.

Kambiyo wanga poyamba ankakana. Ndinkauma thupi, mpira n'kutuluka ndi mphamvu zambiri. Tsiku lina ndinatulukira ndekha mankhwala ake. Nditaima pachulu chimene woponya amaimapo, ndisanayambe kuponya, ndinatulutsa mpweya wonse n'kutsitsa mapewa. Thupi linafewa. Mpira unatuluka bwinobwino, ngati ukutsika masitepe. Ndinakondwa. Ndinati ichi ndi chinsinsi changa, sindiuza munthu.

Mphunzitsi wina wachizungu, wofiira ngati tomato, anandiitanapo pambali. Anandigwira mapewa onse awiri, n'kuwakweza, n'kuwatsitsa, akulankhula zambirimbiri. Chingerezi changa nthawi imeneyo chinali mawu atatu: kuvomera, kuthokoza, ndi nkhuku. Ndinaganiza kuti akuyamikira minofu. Ndinavomera, ndinathokoza. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuchoka. Mwezi wotsatira anasamukira ku timu ina.

Chaka chilichonse nyengo ya kumeneko ikatha ndinkabwerera kudzasewera ligi ya kuno. M'menemo ndinakwatira Eufemia. Ukwati womwewo unandipatsa mlamu, Dionisio Payano, mlongo wake wa Eufemia, womenya wa timu ya mumzinda waukulu. Dionisio anali womenya wamba. Funsani aliyense. Anali ndi mimba kuyambira unyamata, ndipo pothamanga ankaoneka ngati akukankha wilibala. Oponya ena ankamutulutsa asanamenye n'komwe, akuganiza zina. Koma akaona ine pachulu ankanyambita milomo. Zaka khumi anamenya mipira yanga ngati ndinamubera mbuzi. Lolemba, tsiku lopuma, ankabwera kwathu kudzadya mpunga ndi nyemba, n'kumafunsa ngati mumphika mwatsala nyama.

"Alamu, mumadziwa bwanji chimene ndiponye?" ndinkamufunsa.

"Ndimalota, alamu. Agogo athu amandiuza kutulo. Tandipatsirani mapeyalawo."

Ligi yaikulu ya ku America ndinafikako. Masiku khumi ndi awiri. Anandilowetsa katatu. Kawiri koyamba ndinaponya moto wokhawokha chifukwa cha mantha, ndipo zinayenda. Kachitatu mtima unakhala pansi, ndinati tsopano aone chinsinsi. Ndinatulutsa mpweya, ndinatsitsa mapewa, ndinaponya. Mpira umenewo sindikudziwa ngati unatera. Nyuzipepala inatulutsa chithunzi: ine nditatembenuka, kukamwa kuli yasa, ndikuyang'ana kumwamba ngati ndaona Ambuye akubwera. Chithunzi changa cha ligi yaikulu ndi chokhacho. Eufemia anachiika m'felemu pabalaza. Amati yunifolomu inandikhala.

Chifukwa chake ndinachifufuza paliponse kupatula pamene chinali. Ndinati ndi tsoka. Ndinavala masokosi omwewo milungu itatu, mpaka anzanga anandisamutsira kumpando wakumbuyo m'basi. Ndinapita kwa mayi wina wodziwa zitsamba, anandisambitsa madzi a masamba n'kundiletsa mazira. Ndinakangana ndi owakha anga onse, anthu amene amagwada kuseri kwa womenya n'kumandiuza ndi zala mpira woti ndiponye. Ndinkati zala zawo zikuonekera. Mmodzi mpaka lero sandipatsa moni, ndipo sakulakwa.

Kenako Mexico, kenako Taiwan, kenako kulikonse kumene ankalipira tikiti ya ndege. Liwiro linkatha chaka ndi chaka, ndiye ndinkadalira kwambiri kambiyo, ndiye ndinkamenyedwa kwambiri. Ndili ndi zaka 34 chigongono chinalira kamodzi ngati nzimbe yothyoka. Dokotala anati basi. Dionisio anabwera kuchipatala ndi malalanje.

"Ligi yonse ikulira, alamu," anatero. "Makamaka ife omenya."

Chaka chotsatira nayenso anasiya mpira. Analibenso pogwira.

Ndinayesa kuweta nkhuku. Zinafa. Ndinayesa kuyendetsa takisi, koma ndinkakangana ndi okwera pa nkhani za mpira mpaka kuwapitiriza pomwe akutsikira. Mapeto ake ndinachita chimene aliyense wolephera kusewera amachita: ndinayamba kuphunzitsa. Poyamba pa sukulu ina ya mpira kunja kwa tauni, kenako timu ino inanditenga.

Uphunzitsi ndimautha, pang'ono. Phazi likatera molakwika ndimaona. Mkono wotopa ndimaumva ndi khutu, mmene mpira ukugwera m'golovesi. Sindikuwa. Zinthu zikavuta pa masewero ndimayenda pang'onopang'ono kupita pachulu, ndimabisa pakamwa ndi dzanja kuti adani asawerenge milomo, n'kunena zopanda pake mpaka woponya apeze mpweya. Anthu kumipando amaganiza kuti ndikugawa nzeru.

Koma nzeru yeniyeni ndinkagawa mobisa. Wosewera amene ndamuona kuti ndi wakhama, wofika woyamba n'kuchoka womaliza, ndinkamutengera pambali n'kumupatsa mphatso yanga.

"Usauze munthu. Usanaponye kambiyo, tulutsa mpweya, tsitsa mapewa."

Sindinkapatsa aliyense. Aulesi sindinkawapatsa. Aulesi angapo ali ndi nyumba zosanja lero.

Wascar anali wakhama kuposa onse.

Lachiwiri lija ndi Lachitatu ndinaonera mafilimu a masewero ake mpaka maso kuwawa. Ndinayang'ana phazi, chiuno, chigongono, zala. Anthu a makompyuta muofesi anandipatsa mapepala asanu. Liwiro lili bwino, mpira ukuzungulira bwino, ukutsika bwino. Malinga ndi mapepalawo, Wascar sankamenyedwa. Mapewa ndinkawaona, inde. Akagwa ndinkati, taonani mwana womvera.

Lachinayi masana ndinameza manyazi n'kupita kwa Dionisio. Masiku ano amakhala pakhonde la golosale ya pakona, kusewera domino ndi madala anzake atatu, mawondo atatupa ngati mapapaya.

"Eee, taonani amene wabwera!" anakuwa ndisanafike n'komwe. "Anthuni, imirirani. Munthu uyu ndi amene anandimangira nyumba."

Madala aja anaseka. Mmodzi anandikankhira kireti ya mabotolo kuti ndikhalepo.

"Alamu, ndabwera ndi nkhani."

"Mwabwera ndi mpira? Ndodo yanga ili kuseri kwa chitseko, ndikaitenge? Mawondowa asakupusitseni, kwa inu sipafunika kuthamanga."

"Wascar amuchotsa Lamulungu."

Anamenyetsa domino patebulo. "Pepani. Munthu wabwino uja. Amapereka moni."

"Mumamuonera pa TV. Mukudziwa chimene omenya akuona pa iye."

"Ine maso anafa kale."

"Alamu."

"Alamu inu, mwakalambira mumpira, mwambo mukuudziwa. Womenya akaona kanthu pa woponya, ndi chuma chake. Amanong'oneza womenya mnzake, basi. Woponya sauzidwa, ngakhale wa timu yako. Lero muli pamodzi, chaka chamawa akuponyera iweyo. Munamvapo wakuba akuuza mwini nyumba kuti zenera lakuseri silitseka?"

"Munasiya kusewera ana anu asanamere ndevu."

"Ine ndinasiya, mwambo sunasiye. Ndikalankhula lero, anyamata a timu yanga yakale adya chiyani?"

"Nanga ana a Wascar adya chiyani?"

Anasanja madomino ake, n'kuwasanjanso. Mmodzi wa madala aja anati, "Dionisio, tamuuza mnzakoyu, wavutika mokwana."

"Sindinena," anatero Dionisio. "Sindifuna kukafika kumwamba omenya onse akundilozera zala. Koma inenso sindinatulukire ndekha. Ndinachita kumva. M'nyumba mwanu momwemo, patebulo panu, ndikudya mpunga wanu. Kafunseni akazi anu."

"Eufemia? Adziwa chiyani za mpira?"

Dionisio anaphulika kuseka mpaka madomino anagwa. Anachita kupukuta misozi ndi malaya.

"Mawu omwewo! Mayi anga ine, mawu omwewo! Zaka zonsezi osasintha ngakhale limodzi!"

Ndinanyamuka osatsanzika. Anandikuwira kumbuyo kuti Lolemba aphike nyama yambiri.

Eufemia ndinamupeza kukhitchini akusenda nthochi zophika. Sanatembenuke.

"Mayi a Yesenia."

"Mwabwera msanga. Akuchotsani?"

"Dionisio akuti inu mukudziwa chifukwa chake ankamenya mipira yanga."

Mpeni unaima. Kenako unapitiriza.

"Ndinakuuzani."

"Liti?"

"Chaka chimene Yesenia anabadwa. Linali Lolemba, dzulo lake atakumenyani kowopsa. Ndinati, bambo, mukafuna kuponya uja wochedwa mumaoneka ngati munthu amene watula thumba la simenti. Mapewa amagwa. Ndimaona ndili kumipando yakumtunda kwenikweni, mwana ali m'manja."

"Ndiye ine ndinati chiyani?"

"Munati mkazi adziwa chiyani za mpira, ndikaone mpunga ukupserera. Ndinakaona mpunga. Pobwerera ndinapeza achimwene asiya kutafuna."

Ndinakumbukira. Tsikulo ayi, koma ndinakumbukira kuti chaka choyamba cha ukwati wathu Dionisio ndinamutulutsa kasanu motsatizana, ndipo ndinkamuseka pamaso pa alendo.

"Osandiuzanso bwanji?"

"Ndinakuuzaninso. Munatuluka kukatsuka galimoto. Kachitatu ndinati, munthu wamkulu uyu ali ndi aphunzitsi achizungu, zikanakhala zoona akanamuuza. Ndinaganiza kuti wolakwitsa ndine. Munalankhula motsimikiza kwambiri."

Za mzungu wofiira uja sindinanene. Ndinakhala pampando. Ndinatulutsa mpweya.

"Ngati mmenemo," anatero Eufemia, akuloza mapewa anga ndi mpeni.

"Wascar nayenso?"

"Onse amene mumawakonda. Pa TV ndimawadziwa osaona nambala. Ndimangoti, uyu ndi wa bambo a Yesenia."

"Ndiye mumangoonera?"

"Ndimaona mpunga."

Ndinapita pabalaza kukayang'ana chithunzi chija. Chinsinsi chimene ndinasunga zaka makumi anayi, ndinkachilengeza ndekha pamaso pa bwalo lodzaza, ndisanaponye. Amene sankachidziwa m'dziko muno ndinali ine ndi amene ndinawaphunzitsa.

Lachisanu m'mawa ndinamupeza Wascar kumalo oyeserera kuponya, atafika kale monga mwa masiku onse. Ndinauza wowakha kuti akamwe khofi.

"Iwe, chinsinsi ndinakupatsa chija."

"Sindinauze munthu, aphunzitsi. Ngakhale mkazi wanga."

"Ukanamuuza, mwina akanakuthandiza. Chimene chikukupha ndi chimenecho."

Ndinamufotokozera. Sizinatenge nthawi, nkhani yake ndi yaifupi. Iye ankangoponyera mpira m'golovesi, n'kuutola, n'kuuponyeramonso.

"Zaka khumi ndi ziwiri, aphunzitsi."

"Ndikudziwa."

"Ku America anandichotsa chifukwa cha zimenezi?"

"Sindikudziwa. Mwina."

"Inu mwadziwa liti?"

"Dzulo."

"Wakuuzani ndani?"

Ndinayamba kunena kuti ndakhala ndikuonera mafilimu mosamala. Ndinasiyira pakati.

"Akazi anga."

Sanaseke. Ndinavula chipewa.

"Ngati ukufuna kundimenya, menya lero. Koma ugwiritse wamanzere, wamanjawo ukufunika Lamulungu."

Anandiyang'ana, mutu wanga wa dazi uli pamtunda. Kenako anati, "Valani chipewa, madala, dzuwa likuchotsani nzeru zotsalazo. Itanani wowakha."

Tinayesa kuchotsa chizolowezicho. Zinakanika. Akaumitsa mapewa, kambiyo ankatuluka ngati mwala kapena kugunda pansi asanafike. Akaiwala pang'ono, mapewa ankagwa okha. Chimene munthu wachita zaka khumi ndi ziwiri sichichoka Lachisanu limodzi. Ndinamuphunzitsa bwino kwambiri. Tinasiya mkono usanatope, aliyense anapita kwawo.

Masana amenewo ndinatenga pepala n'kulemba mayina a onse amene ndinawapatsa mphatso yanga. Anakwana 23. Anayi akusewerabe kwinakwake. Ndinaimbira mmodzi wa amene anasiya, Reinaldo, amene anali ndi mkono wabwino kuposa wa Wascar. Anayankha mkati mwa phokoso la msewu. Ndinamuuza.

"Aphunzitsi, ndili ndi munthu kumbuyo kwa njinga, wanyamula mazira. Zaka zisanu ndi zitatu ndili pamsewu. Mukundiuza lero kuti ndichite nazo chiyani?"

"Palibe."

"Chabwino. Moni kwa amayi."

Anadula. Otsalawo ndinayamba kuwaimbira sabata yotsatira, awiri awiri patsiku. Kuposa pamenepo sindikanatha.

Loweruka ndinafika pabwalo ndi nzeru imodzi.

"Ngati sungasiye, usasiye," ndinamuuza Wascar. "Uzitsitsa mapewa pa mpira uliwonse. Wa moto, wokhota, kambiyo, yonse. Tambala wolira ola lililonse palibe amene amadzukira."

"Ndakhala ndikuganiza zomwezo kuyambira dzulo, aphunzitsi. Ndimaopa kukudulani mawu."

Motero nzeru yanga yokhayo ya sabata imeneyo tinagawana pawiri. Tinayeserera mipira makumi atatu. Kuwonjezera chizolowezi n'kosavuta kuposa kuchichotsa. Wowakha, amene naye ndi womenya, anaimirira n'kuvula chophimba kumaso.

"Aaa, mwadziwa?" anatero, mokhumudwa.

"Iwenso umadziwa?"

"Aphunzitsi, chaka chamawa mwina ndidzakhala timu ina."

Lamulungu masewero anali a masana. Eufemia ndinamupezera tikiti ya mpando wapansi, kuseri kwa waya, koyamba chikwatiraneni. Dionisio anabwera yekha osaitanidwa, anakhala pambali pa mlongo wake ndi thumba la mtedza.

A Tulio anamulowetsa Wascar m'chigawo chachisanu ndi chimodzi mwa zigawo zisanu ndi zinayi. Tinali patsogolo ndi chigoli chimodzi, adani ali ndi othamanga awiri pangodya akudikira kuti wina amenye, iwo alowe n'kugoletsa. Womenya anali chimunthu chimene chinatulutsa mipira ya Wascar kunja kwa mpanda kawiri sabata yathayo. Chinabwera chikutafuna chingamu, chosafulumira, ngati chikupita kukalandira malipiro.

Zaka makumi anayi ndili mumpira, tsiku limenelo ndi pamene ndinayang'ana maso a womenya. Sanali padzanja la Wascar. Anali pamapewa.

Wascar anatulutsa mpweya. Mapewa anagwa. Chimunthu chija chinakhazikika pamwendo wakumbuyo, kudikira mpira wochedwa. Unabwera wa moto. Phaa m'golovesi, ndodo isanasunthe.

Chinatuluka pamalo pake, chinalavula chingamu, chinabwerera. Mapewa anagwanso. Chinadikiranso, poganiza kuti koyamba kaja inali ngozi. Wa moto kachiwiri. Chinakhapa mpira uli kale m'manja mwa wowakha.

Kachitatu mapewa anagwa, ndipo tsopano chinati sindipusanso, ukubwera wa moto. Anabwera kambiyo. Chinakhapa mphepo n'kugwada bondo limodzi, mpira ukadali m'njira, ukutsika masitepe. Katatu, watuluka. Chinatembenukira kwa anzake chitatambasula manja, ngati munthu amene wapeza sitolo yake ya masiku onse yatsekedwa.

Kuseri kwa waya kunamveka mawu a Dionisio.

"Akuba inu! Mwaononga ntchito za anthu!"

Zonse sizinali zokongola. Wotsatira anamenya mpira mwamphamvu, mwamwayi unakagwera m'golovesi la munthu wathu atatsamira mpanda. M'chigawo chachisanu ndi chiwiri Wascar analola awiri kufika pangodya, ndipo ndinaona kuti wayamba kufulumira. Ndinayenda kupita pachulu, pang'onopang'ono, dzanja pakamwa.

"Wadya chiyani m'mawa?"

"Nthochi ndi mazira, aphunzitsi."

"Ine mazira anandiletsa."

"Ndani?"

"Nkhani yaitali. Mapewa ako ndiwo akunama bwino, osasiya. Mpira wapitawu waiwala kutsitsa."

"Mwaona inu kapena amayi?"

"Ponya mpira, iwe."

Ndinaona ndine. Koma pobwerera ndinayang'ana kuseri kwa waya, ndipo Eufemia anali atakweza mapewa ake mpaka kumakutu, kundisonyeza zomwezo.

Wascar anatulutsa awiri otsalawo. Palibe amene analowa. Masewerowo tinaluza m'chigawo chomaliza, woponya wina atamenyedwa, waulesi amene sindinamuphunzitsepo kanthu. Zimenezo sizinandikhudze.

Masewero atatha a Tulio anandiitanira m'kaofesi kaja. Chitseko anachisiya chotsegula.

"Akhale," anatero.

Anakhaladi mpaka ligi kutha. Pano akuponya ku Mexico, akugwetsa mapewa pa mpira uliwonse ngati wamasiye.

"Koma mwachita chiyani, a Varo? Ndi munthu wina uja."

"Kanthu kakang'ono pamapewa, bwana."

"Pamapewa! Anthu a makompyuta mapepala asanu osaona. Ndimawauza ine, diso la munthu wakale silimagulidwa. Zaka zanu mumpira sizinapite pachabe."

Apa panali poti munthu anene zoona. Ndinakonza chipewa.

"Ndi diso basi, bwana," ndinatero. "Limabwera ndi zaka."

Nditatembenuka, Eufemia anali ataima pakhomo, chikwama chili m'khwapa, akudikira kuti tizipita. Anapereka moni kwa a Tulio mwaulemu. Kenako anayang'ana ine.

"Tiyeni, a diso," anatero. "Mpunga ukupserera."